Njira Yoyezedwa ndi Boti la Alamu

Mano anga akutsogolo anatsala mumchenga wa ku Liwaladzi, penapake pakati pa puloti ya mayi wina wa ku Lilongwe ndi njira yomwe asodzi amakokeramo maboti awo. Ndikaseka, anthu amayesa kuti ndinagwa pa kabaza nditaledzera. Ndimawasiya aziganiza choncho, pakuti zoona zake n'zochititsa manyazi kuposa pamenepo. Chinandigulula mano ndi lamulo la kalembedwe ka mabuku a ndalama za makampani, lopangidwa ndi anthu akutali amene usipa sanauonepo.

Ntchito yanga ndi kunenerera. Nkhafi sindinaigwirepo, mpunga sindinalimepo wodzaza thumba, koma pakamwa panga padyetsa banja. Ndinayambira pa Dwangwa, kugula usipa m'mawa kwa asodzi n'kukaugulitsa kwa anthu odula nzimbe tsiku la malipiro. Ndagulitsapo mbuzi, njinga, mafoni, ngakhalenso wailesi yosalira kwa mkulu wina wogontha, ndipo tonse tinasiyana tikumwetulira. Anthu amanditchula dobadoba. Ine ndinkadzitchula mkhalapakati, mpaka tsiku lomwe ndinaphunzira kuti mkhalapakati ndiye amakhala pafupi ndi chibonga cha aliyense.

Kampaniyo inachokera m'tauni. Inali ya zija zogulitsa masheya pamsika wa masheya, zomwe chaka chikatha zimalengeza phindu lake m'nyuzipepala kuti eni masheya agone tulo. Inapeza liizi, chikalata chobwerekera malo a m'mphepete mwa nyanja, kumpoto kwa boma, n'kuwadula mapuloti ogulitsa kwa anthu a m'tauni ofuna nyumba zodzapumulako Loweruka. Inkafuna munthu wodziwa kuyankhula ndi a m'mudzi, ndipo sinavutike kundipeza, popeza ndinali nditaima kale pafupi ndi galimoto yawo ndikuwapukutira galasi.

Vuto linali lakuti mapuloti aja anatenga doko lonse, pomwe asodzi amakocheza maboti ndi kuyanika usipa pa mathandala. Boti lalikulu pa onse padokopo linali la alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga. Makolo awo anachokera kumpoto. Ndi munthu wamtali, wa manja ngati mafosholo, wosayankhulayankhula, ndipo chikwatirireni mlongo wawo amandiyang'ana monga amayang'anira ukonde wobwereka. Popanda doko limenelo boti lawo likanakhala nkhuni chabe, chifukwa madoko ena oyandikira ali ndi eni ake ndipo salandira mlendo wa injini.

Ndinanenerera, ndipo zinatheka mosavuta mpaka ndinadabwa. Kampani inavomera kuti asodzi akhalebe pamalopo kufikira ogula atabwera kudzamanga. Panthawiyo ndinkati ndi nzeru zanga. Pambuyo pake ndinadziwa kuti kampani inalibe nazo ntchito. Wogula akangopereka ndalama yoyamba n'kusaina, iwo ankalemba m'mabuku kuti puloti yagulitsidwa, phindu n'kulowa, eni masheya n'kuwomba m'manja. Kaya pa pulotipo pali mathandala, kaya pali mbuzi, sizinkawakhudza. Ogulawo ankabwera kamodzi, kudzijambulitsa atavala magalasi akuda, kugula chambo pamtengo wanga, n'kubwerera. Zaka zinadutsa choncho. Miyala ya simenti yosonyeza malire amayi ankachapirapo zovala, ndipo umodzi alamu anauzula n'kuusandutsa nangula.

Kenako m'chilimwe china, dzuwa likuwotcha mapazi, kunabwera mayi wina, akawuntanti wa kampani. Anali wamng'ono thupi, wamaso otopa, woyankhula mosakweza mawu. Anandiitanira m'kontena yomwe inali ofesi yawo n'kundifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa mbuzi kukwera basi. Anati malamulo a kalembedwe ka mabuku asintha, ndipo maodita, anthu ofufuza mabuku a kampani, akana kusaina ngati zinthu zikhala zakale. Tsopano puloti siiyesedwa yogulitsidwa mpaka wogula atailandira m'manja: yotchingidwa ndi mpanda, yopanda munthu wina aliyense, kiyi wa geti ali m'thumba mwake. Mapuloti onse omwe analembedwa kale kuti anagulitsidwa abwerera pa katundu wosagulitsidwa, ndipo ndalama zomwe ogula anapereka zikhala ngati zongosungitsa. Phindu la zaka zapitazo lifufutidwa. Eni masheya akaona zimenezo agulitsa masheya awo mothamanga, mtengo ugwa, ndipo mabwana ena achotsedwa ntchito. Chowapulumutsa chinali chimodzi: mapuloti aperekedwe kwa eni ake Disembala asanathe, kuti alowe m'phindu la chaka chimenecho.

Ndinawafunsa ngati ndamva bwino, kuti mbuzi yomwe anaigulitsa kale aigulitsanso kachiwiri kwa munthu yemweyo, ndipo palibe womangidwa. Anati m'mabuku zionekadi choncho. Ndinawauza kuti ine ndinalowa ntchito yolakwika. Sanaseke. Anati ndikauze asodzi kuti achoke.

M'mawa mwake ndinapita kudoko maboti atangokocheza. Asodzi anasonkhana, amayi ogula nsomba nawonso anasiya mabeseni. Funso lawo linali limodzi: bwanji lero, pomwe ogula sanabweretse ngakhale njerwa imodzi? Apa m'pamene luso langa linandipereka. Ndinaganiza kuti ndiwafotokozere za maodita m'chiyankhulo cha padoko.

Padoko pathu pali mwambo womwe aliyense amaudziwa. Wogula akhoza kupereka chikole pa usipa uli pathandala, koma usipawo ukhalabe wa msodzi mpaka utathiridwa m'thumba la wogula. Mvula ikaunyowetsa usanalowe m'thumba, waluza ndi msodzi. Msodzi akasintha maganizo, amabweza chikole, nkhani n'kutha, ndipo palibe mlandu. Ndinawauza kuti kampani nayo tsopano yapatsidwa lamulo lomwelo: chikole si malonda, malonda ndi thumba. N'chifukwa chake ikufulumira kuthira mapuloti m'matumba a eni ake. Ndinamaliza ndikudzimva kukoma. Ndinkayembekeza kuti wina andigulira Fanta.

Kenako alamu, omwe anali kusoka ukonde osandiyang'ana, anadzutsa mutu.

"Ndiye kuti doko lino silinagulitsidwe."

Ndinati ayi, si choncho, malowa ndi a kampani, ali ndi mapepala a boma.

"Mwanena nokha, ada. Usipa ukadali pathandala. Ife tingoonetsetsa kuti usalowe m'thumba."

Ndinayesa kubweza mawu anga. Ndinalumbira, ndinajambula pamchenga, ndinatchula liizi mpaka kukhosi kunauma. Koma katundu amene wamugulitsa bwino sabwezedwa. Pofika masana mudzi wonse unali utamva kuti kampani yavomera yokha kuti doko silinagulitsidwe, ndipo amene wanena ndi munthu wa kampani yemweyo.

Omanga mpanda atabwera ndi mitengo ndi waya, asodzi anawasiya akumbe maenje onse padzuwa lija. Atayamba kukoka waya, anawatsikira ndi nkhafi. Nkhafi ya mtengo wa mlombwa ikamenya msana imalira ngati chitseko. Mmodzi wa omangawo, bambo wachikulire wa ku Dedza amene anangobwerera ganyu, anatchinga mutu ndi mkono, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ndili chapatali. Anzake anathawira kumsewu wa M5, nsapato zili m'manja. Ine ndinamukweza pa kabaza kupita naye kuchipatala, mkono ukulendewera ngati mlamba wakufa. Njira yonse ankanditukwana.

Kampani inayankha ndi alonda a ganyu, amuna osadziwika kwathu, onyamula zikwanje ndi zibonga, ena akukoka agalu. Kapitawo wawo anali wamfupi, wakhosi lonenepa, wokonda kutafuna chitsotso cha machesi. Anafika dzuwa lili paliwombo, asodzi akugona m'nyumba atachokera kunyanja, padoko pali amayi okha akutembenuza usipa. Anathira petulo pa mathandala n'kuyatsa, nsomba zili pomwepo. Amayi amene anayesa kuwola usipa m'zitenje anakwapulidwa ndi mbali ya chikwanje. Mmodzi galu anamung'amba katumba wa mwendo. Msodzi woyamba kufika pamalopo, atangovala kabudula, anam'tema paphewa, magazi n'kuthovokera pamchenga, mchengawo n'kuwamwa ngati sipanachitike kanthu. Mudzi wonse unanunkha usipa wootcha, fungo lomwe masiku ena limadzutsa njala.

M'mawa mwake kontena ya kampani inapsa. Asodzi anaigubuduza kaye, kenako anaiyatsa, mapepala n'kumauluka ali moto mpaka kuminda ya chinangwa. Mlonda yemwe anam'peza m'katimo anam'mangirira ku mtengo wa mango ndi chingwe cha ukonde n'kumuthira mchenga m'kamwa. Kunyumba kwanga kunagwa miyala iwiri tsiku limodzi. Wina unaswa zenera, wochokera kwa asodzi. Wina unaboola lata, ndipo alonda anadzandiuza okha kuti ndi wawo, poti ndine ndinauza anthu kuti malo sanagulitsidwe. Mkazi wanga anatola miyala yonse iwiri n'kuiika patebulo pamalo pa chakudya. Anati ndisankhe womwe ndiyambe kudya, popeza mapanga awiri ndinawafuna ndekha.

Tsiku lalikulu linafika Disembala ali pakati, mitambo ya mvula itayamba kuunjikana kutsidya. Alonda anali atatchinga mbali yaikulu ya doko, kutsala puloti yomalizira, pomwe panali maboti. Kampani inaganiza zomaliza zonse tsiku limodzi. Inabweretsa thirakitala yoti ikokere maboti kumsewu, ndipo kumbuyo kwake kunabwera galimoto ya akawuntanti, itanyamula mwini puloti yomalizirayo, mayi wa ku Lilongwe uja, kuti mpanda ukangotsekedwa alandire kiyi wake. Wina ku ofesi anawauza kuti kudoko kuli bata.

Alonda anamangirira tcheni ku boti la alamu. Thirakitala itangokoka, thabwa lakutsogolo linalira, ndipo alamu anatulukira kuseri kwa boti ndi nkhafi, asodzi ali pambuyo pawo mbwee. Kapitawo analavula chitsotso chija n'kusolola chikwanje.

Ine ndinachita zomwe ndachita moyo wanga wonse wogula ndi wogulitsa akayamba kukwezerana mawu. Ndinalowa pakati, manja onse m'mwamba, ndikuti tiyeni tikambirane, palibe mtengo wosatsika. Alamu anali atayamba kale kuponya nkhafi, akulinga mutu wa kapitawo. Kapitawo ndi wamfupi. Ine ndine wamtali. Nkhafi inandipeza pakamwa, phwaa, ndipo ndisanagwe, chikwanje cha kapitawo, cholinga alamu, chinandidula nsonga ya khutu. Pa ntchito yanga yonse sindinalandirepo malipiro kuchokera mbali zonse ziwiri mofulumira choncho.

Ndinaonera zotsalazo ndili chagada, mchenga ndi magazi zili m'kamwa. Nkhafi yachiwiri ya alamu sinaphonye: inaphwanya dzanja la kapitawo, chikwanje n'kugwera pafupi ndi mutu wanga. Msodzi wina anabaya galu wa alonda ndi mkondo wa nsomba, galuyo n'kulira ngati mwana. Amuna ankagubuduzana m'madzi, kumizana, kulumana makutu. Mlonda wina anamenya mkulu wina wachikulire ndi chibonga pabondo, mkuluyo n'kukhala pansi mwakachetechete ngati watopa chabe. Kenako wina anatenga chigubu cha petulo wa injini ya boti n'kuthira pa thirakitala. Moto unabuka, dalaivala analumpha malaya akuyaka kumsana, nathamangira m'nyanja akukuwa. Amene anam'vuula ndi asodzi omwewo, chifukwa kusambira sankadziwa.

Nditatembenuza mutu ndinaona galimoto ija. Mayi wa ku Lilongwe anali atadzikhomera m'kati, manja ali kumaso. Akawuntanti anaima panja, kiyi ali m'manja, akugogoda pagalasi, koma mayiyo ankangopukusa mutu. Kiyi uja sankamufuna.

Pamenepo mutu wanga, ngakhale unkalira ngati belu la sukulu, unayamba kugwira ntchito. Lamulo loyamba la kunenerera ndi kudziwa amene ali ndi changu. Asodzi analibe kalendala; akanatha kumenyana mpaka chaka chamawa. Kampani inali ndi Disembala. Ndipo mpanda wokha sunali wokwanira. Pankafunika kuti wogula atambasule dzanja n'kulandira, ndipo palibe munthu wa m'tauni amene angalandire puloti yomwe pakupsa thirakitala. Mayiyo akanangofika ku Lilongwe n'kuimbira ogula anzake, matumba onse akanatsekedwa.

Ndinakwawa mpaka pagalimoto, ndinadzikoka n'kuimirira, ndipo ndinasiya chidindo cha dzanja lamagazi pa chitseko choyera. Ndinatembenukira kwa akawuntanti, mawu akutuluka movuta, mpweya ukudutsa pomwe panali mano.

"Mayi, mukufuna mchenga kapena mukufuna siginecha?"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana thirakitala.

"Nenani mtengo wanu, bambo."

Tinanenerera pomwepo, nditatsamira boneti, nditatsinira khutu ndi mpango wawo. Ndinawauza kuti asodzi alola mpanda wonse, ndipo ogula adzalandira makiyi mwamtendere, ngati pasiyidwa njira yochokera kumsewu kufika kunyanja, ndi malo okochezera kumapeto kwake. Njirayo idulidwe pa puloti yomalizira, mwini wake amutsitsire mtengo. Ndinalibe chilolezo cha msodzi aliyense chonenera zimenezo, koma wonenerera amene amadikira chilolezo amafa ndi njala. Akawuntanti anaimba foni kwa mabwana awo. Ndinamva akuwauza kuti kutaya kachidutswa ka puloti imodzi kuli bwino kusiyana ndi kukafotokozera eni masheya chifukwa chomwe mapuloti onse abwerera pa katundu wosagulitsidwa. Mayi wa m'galimoto anatsitsa galasi pang'ono atamva za kutsitsa mtengo. Mantha ali ndi malire ake.

Chotsala chinali kukula kwa njira. Akawuntanti anati yokwana munthu wosenza beseni. Ine ndinati yokwana lole. Anati ndikulota. Ndinayamba kuchoka, monga timachitira. Anandiitana. Tinagwirizana kuti njira ikhale yokwana boti limodzi pamodzi ndi anthu olikoka.

Kuwauza alamu kunali kovuta kuposa. Apolisi anali atafika, anthu akubalalika, ovulala akukwezedwa m'galimoto. Alamu anakhala pamphepete pa boti lawo, akupapasa thabwa long'aluka. Ndinawauza kuti mathandala apita, doko lonse sitilipeza, koma boti lidzafika kunyanja. Anati usipa sunalowe m'thumba. Ndinati zoona, koma chikole chobwezera anthu onse a ku Lilongwe aja tilibe, ndipo mawa kubwera thirakitala ina. Anayang'ana pakamwa panga, ndikuganiza kuti ndi pamene anaona ntchito ya manja awo. Sanapepese. Anangofunsa kuti boti loyezera likhala la ndani.

Tsiku loyeza ndinafika milomo itatupa ngati mandasi. Boti linali la alamu, lalikulu pa onse. Okoka ndinasankha ndekha. Ndinasiya asodzi enieni, owonda aja, n'kutenga amuna onenepa a pamsika: wogulitsa nyama ya mbuzi, mwini chigayo, ndi shehe wina wa mimba yolemekezeka amene anavomera atamva kuti ndi ntchito yothandiza mudzi. Ndinawaimika mbali zonse ziwiri, zigongono zili kunja, aliyense atasenza ukonde paphewa. Anakoka botilo kuchokera kunyanja, saveya, woyeza malo wa kampani, akukhoma zikhomo m'mbali mwawo. Akawuntanti ankaonerera, manja atapinda. Ankadziwa bwino kuti mwini chigayo sanakokepo boti chibadwire.

Atamaliza, ndinati nanga basela. Pamsika palibe wogula usipa amene amachoka osamuwonjezera kadzanja pamwamba. Saveya anaseka, nati basela mulibe m'mapu. Ndinati ndiye asalembe, angosuntha chikhomo.

"Ayi," anatero akawuntanti. "Masiku ano chilichonse chimalembedwa. Sunthani chikhomocho, mulembe."

Anasuntha chikhomo cha kumanzere, malo okwana munthu mmodzi woima. Ndikukhulupirira kuti ndi basela woyamba m'dziko muno kulowa m'mapepala a kampani.

Makiyi anaperekedwa Khirisimasi isanafike, ogula akujambulitsa pamageti awo. Kampani inalengeza phindu lake, ndipo tsamba la nyuzipepalalo ndinaliona patapita miyezi, atakulungira kanyenya pa Dwangwa. Za thirakitala munalibemo. Ine anandichotsa ntchito mwaulemu, ati sindidziwa kusunga pakamwa, zomwe zinali zoona m'njira zonse.

Alamu anakagona m'chitokosi kwa kanthawi, pamodzi ndi ena angapo. Msodzi wotemedwa paphewa uja sakwezanso mkono. Amasoka maukonde a anzake. Dalaivala wa thirakitala uja ndinakumana naye pa Chia, msana uli mawangamawanga, ndipo anandipatsa moni bwinobwino. Mathandala anasamukira kutsidya kwa msewu, komwe fumbi la malole limathira usipa, ndipo amayi amandikumbutsa zimenezo nthawi iliyonse ndikafuna kutsitsa mtengo. Nyumba zomwe zinamangidwa m'mapuloti aja n'zochepa. Ambiri muli udzu ndi geti lokhoma.

Alamu mpaka lero sanatchulepo za mano anga. Koma akapha mlamba wonona, wopanda minga, amautumiza kunyumba kwanga, ndipo mkazi wanga amati ndi wa mwana wosamera mano. Boti lawo limadutsa pakati pa mawaya awiri aja tsiku ndi tsiku, okoka enieni, owonda aja, akuyenda momasuka. Kumanzere kumatsala kampata kaja ka munthu mmodzi. Ine ndimaima pamenepo m'mawa ndi chidebe changa, kudikira usipa. Alonda a mapuloti sangandithamangitse, poti si pawo. Asodzi akafuna kundinena kuti ndine wa kampani, ndimawakumbutsa kuti ayime kaye pambali, akuponda basela wanga.